Mpiru Wathu Uli ndi Abale Kutsidya kwa Nyanja

Abale anga a ku Malawi, a ku Chipata ndi ku Lusaka, a ku Tete ndi ku Niassa, ndi inu nonse amene mudabalalika kummwera kuno, ndikukulemberani kuchokera ku Mbizo, mu mzinda wa Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Nkhani imene ndadza nayo ndi ya ndiwo zamasamba. Ndikudziwa kuti ena aiona ngati yochepa, poti tidazolowera kukambirana za maliro, za ziphaso ndi za chinenero chathu chimene chikuzilala m'kamwa mwa ana. Ndipempha mundilole ndiyambe ndi zimene zidachitika pakhomo pathu, kenaka muweruze nokha ngati ili yochepadi.

Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata amene adakhala zaka zitatu osapeza ntchito atamaliza sukulu, adapeza ganyu yothandiza kukhitchini pamalo ena pamene pamagona anthu a ku China ogwira ntchito zamigodi. Loweruka lina adafika kunyumba atanyamula jumbo yodzaza ndi ndiwo zimene wophika wa kumeneko adamugawira. Adazikhuthulira m'lichero pakhonde, ife tonse n'kuzungulira ngati tikuona njoka. Mudali masamba a mapesi oyera onenepa, amene iye adati ndi pak choi. Mudali zitheba zotalika ngati mkono wa mwana. Mudalinso zipatso zobiriwira zonga nkhaka. Azakhali anga, amene zaka zawo zapitirira 80 ndipo ndiwo atsala okha mwa obadwira ku Dedza m'banja mwathu, adatola chimodzi mwa zonga nkhakazo, n'kuchitembenuza, n'kuchibwezera m'lichero muja. “Iwe mwana iwe,” adatero, “ichi n'chinkhupule chanthete. Lero watibweretsera chosambira kuti tidye, mawa udzatibweretsera sopo.” Tidaseka mpaka misozi, mnyamata uja n'kuzyolika ndi manyazi.

Madzulo adaphikabe. Adatenthetsa chiwaya mpaka kufuka, adathira mafuta pang'ono, adyo ndi jinja, kenaka masamba aja, ndipo madzi a nsima asanawire n'komwe ndiwo zidali zitaphulidwa. Ana adadya n'kunyambita mbale. Azakhali adakana, nati iwo sadya masamba osapsa ngati mbuzi, ndipo adadyera nsima yawo mfutso wa nkhwani. Koma titatha kudya ndidawaona akutola chitheba chimodzi chimene chidatsala m'lichero. Adachithyola, adachinunkhiza, adayang'ana timbewu ta m'kati, nanena chapansipansi kuti, “Koma uyu ndi khobwe. Wangotalika.” Ndipo adalondola. Akatswiri a zomera amaika zitheba zazitali za ku Asia mu mtundu umodzi ndi khobwe wathu. Khobwe adayamba kulimidwa mu Africa muno, adawoloka nyanja kalekale, alimi a ku Asia n'kumamusankha mbewu zaka mazanamazana mpaka zitheba zake zidatalika chotero. Chimene azakhali adachikana ngati chakudya cha alendo chidali mbewu ya kwawo imene idabwerako ku ulendo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyera kuti otsutsa adziwe ponditsutsa. Ife Achewa, Anyanja, Ayao, Angoni ndi Asena okhala m'matauni amigodi a dziko lino tilibe chifukwa chonyozera ndiwo za mlendo, ndipo tikamazinyoza tikudzimana tokha. Tiyenera kuzilawa, kuziphunzira, kuzilima ndi kuzigulitsa. Ndionjezanso kuti munthu wolawa ndiwo za ku Asia mwachidwi amathera podziwa bwino dimba la kwawo kuposa mmene ankalidziwira.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti ife ndife yani. Agogo athu adabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera mwa Mthandizi. Adagwira ntchito mu mgodi wagolide wa Globe and Phoenix, umene udabala mzinda uno, ndi wa Gaika, ndi pa fakitale yazitsulo ya ku Redcliff, nakhala m'makomboni a ku Amaveni, ku Torwood ndi kuno ku Mbizo. Eni dziko adawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Agogo anga aamuna ankasimba kuti mwa zimene ankasekedwa nazo mudali zakudya: kusinja masamba a chinangwa, kutendera chilichonse ndi nsinjiro, kukonda tinsomba touma kuposa nyama. Ankati amayi ena ankabisa mphika wa chigwada mlendo akafika, kuopa kunenedwa. Ife adzukulu a anthu amene adasekedwa chifukwa cha mphika wawo, n'chamanyazi kuti lero ndife oyamba kugwira mphuno poona mphika wa mlendo wina.

Alendo atsopanowa sakuchoka mawa. Boma la Zimbabwe lidatembenukira kummawa pa zamalonda kuyambira cha m'ma 2003. Mu 2007 kampani ya ku China ya Sinosteel idagula gawo lalikulu la Zimasco, imene imasungunula miyala ya chrome kuno ku Kwekwe. Mu 2008 ng'anjo za Zisco ku Redcliff zidazima, ndipo mabanja ambiri a anthu athu adatsala opanda malipiro, n'kuyamba kudalira timadimba ta kuseri kwa nyumba ndi mabenchi a pamsika. Mu 2024 fakitale yatsopano yazitsulo ya Dinson idayamba kugwira ntchito ku Manhize, kufupi ndi Mvuma. M'mbali mwa mtandadza wa mapiri a Great Dyke, ku Shurugwi ndi ku Lalapanzi, muli anthu a ku China okumba ndi kugula chrome. Anthu onsewa amadya tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wa ku China chakudya chopanda masamba sachiyesa chakudya. Pali wina amene akuwalimira masambawo, kapena amene adzawalimire. Funso langa n'lakuti, n'chifukwa chiyani asakhale mayi wa ku Mbizo amene wakhala akulima repu ndi kovo zaka makumi awiri?

Wina anena kuti masamba awo ndi achilendo, sitiwadziwa. Apa mpamene ndifuna tidekhe, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu a ku Lilongwe, a ku Blantyre ndi a ku Lusaka, ndi ndiwo yanji imene mumagula pamsika pafupifupi tsiku lililonse, yotsika mtengo, yosachedwa kupsa? Mumaitcha tchainizi, ndipo dzinalo likudzinenera lokha kumene idachokera. Tchainizi ndi pak choi ndi ana a bere limodzi, mtundu umodzi wa chomera, kusiyana kwake n'kwa kaimidwe ka tsinde basi. Nanga mpiru, umene anzathu Achishona amati tsunga? Palibe amene angatsutse kuti mpiru ndi ndiwo yathu, yodyedwa pamaliro ndi paukwati. Koma kwawo kwenikweni kwa mpiru ndi ku Asia, ndipo mpaka lero Amwenye a kumpoto kwa India amauphika wowiritsa n'kuupota, pamene a ku China amaufutsa mu mchere. Mabilingano adachokera ku India. Cham'mwamba, chimene masiku ano tikuchitamanda ngati mankhwala, chidachokera ku India. Mango, nthochi, mpunga umene timalima ku Karonga ndi ku Nkhotakota, mphodza, chitowe, jinja, ndi soya amene nyama yake yonyengezera yapulumutsa mabanja ochuluka m'zaka zamavuto zino, zonsezi zidadzera kummawa.

Ndipo njirayo sidali ya mbali imodzi. Mapira, mawere ndi mchewere zidachoka mu Africa kupita ku India zaka zikwi zapitazo, ndipo mowa woyera wotchuka wa ku China, baijiu, amautcheza makamaka kuchokera ku mapira. Mphonda, zimene ife timaziwiritsa zanthete n'kusiya zina zikhwime kuti zikhale zikho, Amwenye amaziphika ndiwo ndipo amazitcha lauki. Bwemba, amene amangoyoyoka m'chigwa cha Shire ndi cha Zambezi, ndiye wowawasitsa msuzi kummwera kwa India ndi ku Thailand. Bonongwe amadyedwa ku China ndi ku India. Denje amadyedwa ku Bangladesh ndi ku Philippines. Luni, amene Achishona amati nyevhe, a ku Thailand amamufutsa. Masamba a mbatata, kholowa wathu uja, ndi ndiwo wamba ku Taiwan. Therere lobala ndilo bhindi wa Amwenye. Abale athu a kummwera kwa Mozambique amadya masamba owawa a cacana, ndipo chomera chimenechi ndi m'bale wa chipatso chowawa chamatuzamatuza chimene Amwenye amati karela. Mwa zonse zimene zidali m'lichero la pakhonde pathu, chachilendo chenicheni chidali kaphikidwe.

Tisaiwalenso kuti zimene timazitcha zamakolo zambiri zidali zachilendo tsiku lina. Chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, maungu, tomato, tsabola ngakhale chisoso chimene chimatimata m'miyendo, zidachokera ku America m'zaka zimene zombo za Apwitikizi zinkayenda pa nyanja zathu. Padali gogo wina, dzina lake silidziwika, amene adayamba kulawa nsima ya chimanga anzake akumuseka kuti wasiya mapira. Padali mayi wina amene adayamba kuthira nsinjiro mu nkhwani. Akadakhala ndi mtima umene ena a ife tili nawo lero, nkhwani wotendera sakadakhalako. Makolo athu ankati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwambiwu adautsimikiza ndi miphika yawo.

Pofuna kuona ndi maso anga, nditapita ku Harare pa zifukwa zina, ulendo wa makilomita opitirira 200 kuchokera kuno, ndidapatula masana amodzi kuyendera masitolo a zakudya za ku Asia ku Belvedere, dera limene Amwenye akhalamo kuyambira kale, ndiponso kumene kuli Long Cheng Plaza pafupi ndi bwalo lalikulu la masewero. Sitolo ya Mmwenye sidandivute. Ife tidakula tikugula kwa Amwenye, kaya ku Limbe, kaya ku Down Shops ku Chipata, kaya ku Kamwala ku Lusaka, ndipo samusa, chapati ndi binzali zidalowa kale m'nyumba zathu. Chimene chidandiimitsa ndi mashelefu a nyemba zosenda. Padali mapaketi olembedwa kuti toor dal, timibulu tachikasu tong'ambidwa pakati. Nditafunsa, mayi wogulitsa adandiuza kuti ndi nandolo. Ndidaima n'kumaganiza za minda ya ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, kumene nandolo ameneyu amalimidwa n'kutumizidwa ku India. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mtengo udagwa ku Malawi ndipo alimi adatsala ndi matumba m'nyumba. Mu 2021 maiko awiriwa adagwirizana kuti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Mphika wa mayi wa ku Mumbai umalamula kale mtengo wa mbewu ya mlimi wa ku Phalombe, koma ambiri a ife sitidalawepo nandolo wophikidwa mmene mayi ameneyo amamuphikira, ndipo sitidziwa chimene wogula wathu amafuna.

Pashelefu yomweyo padali bwemba wotsindiridwa m'paketi, wochokera kutsidya kwa nyanja, pamtengo umene udandichititsa kupukusa mutu pokumbukira mmene ana a ku Chikwawa amamugendera ulere. Padali chitowe choyera, mphodza, ufa wa mawere. Ndidatuluka m'sitolo muja ndikudzifunsa kuti ndalowa m'nyumba ya mlendo kapena m'nkhokwe ya agogo anga.

Sitolo ya anthu a ku China idali ina. Kumeneko ndidasanduka mwana wa sukulu yamkaka, poti zolemba zambiri pamabotolo sindikadatha kuziwerenga. Mnyamata wa Chishona wothandiza m'sitolomo ndiye adandiyendetsa. Adandionetsa msuzi wakuda wa soya, wina wopepuka wothira ngati mchere, wina wolemera wodetsa chakudya. Adandionetsa mafuta a chitowe, amene amathira timadontho chakudya chitapsa kale, ndi tofu, amene ndi mkaka wa soya woundanitsa, woyera ngati chambiko cholimba. Padali bowa wouma, tinsomba touma tosasiyana kwenikweni ndi usipa kapena kapenta, mphukira za nsungwi m'zitini, ndi mphukira za mphodza zongomera kumene. Ndidagula botolo limodzi la msuzi wa soya, kabotolo ka mafuta a chitowe ndi timapaketi tiwiri ta mbewu. Safunsa adadya phula. Ine ndidafunsa kwambiri mpaka mnyamata uja adayamba kuseka, koma ndidachoka ndikudziwa chimene ndanyamula.

Tsopano ndiyankhe otsutsa, poti alipo, ndipo ena mwa iwo ndimadya nawo mbale imodzi. Mlamu wanga, amene adagwirapo ntchito kwa olemba ntchito a ku China n'kuchokako ali wowawidwa mtima, adandiuza kuti sangaike m'kamwa chakudya cha anthu amene adamuzunza. Sindimunyoza. Madandaulo a antchito m'migodi ina yoyendetsedwa ndi anthu ochokera ku China ndi odziwika m'dziko lino: malipiro ochepa, maola ataliatali, zovala zodzitetezera zosakwanira, mitsinje yoonongeka. Nkhani zimenezi ziyenera kupita ku mabungwe a antchito ndi ku makhoti, ndipo tizinene mosaopa. Koma ndidamukumbutsa mlamu kuti agogo athu adazunzidwa ndi Azungu m'migodi yomweyi, komabe kabichi, tiyi ndi buledi sitidazitaye. Kukana pak choi sikukweza malipiro a munthu ndi senti imodzi. Kumugulitsa kwa bwana yemweyo pamtengo wabwino ndiko kungabweze kandalama kena m'thumba la banja lathu.

Ena akuti tikatengeka ndi zachilendo, ndiwo zathu zitha. Nkhawa imeneyi ndili nayo inenso, koma yalunjika polakwika. Chimene chikupha luni, denje ndi chisoso m'matauni athu si pak choi. Ndi mtima woti ndiwo zakutchire n'zaumphawi, mtima umene udayamba kale anthu a ku China asanabwere. Pamsika wa kuno ku Mbizo mabenchi amadzaza ndi kovo, repu ndi kabichi chaka chonse, pamene bonongwe amazulidwa ngati udzu. Adzukulu anga amadziwa muboora, derere ndi munyemba, koma nditawafunsa za nkhwani ndi chitambe adayang'anana. Chodabwitsa n'chakuti tsiku limene mwana wa mchemwali wanga adawauza kuti bonongwe mabwana ake amamufuna ndipo amamulipira, m'pamene anawo adayamba kumusiya akule m'mbali mwa mpanda. N'zomvetsa chisoni kuti tidikire mlendo kuti atiuze kukoma kwa zathu, koma ngati ndiyo njira imene bonongwe abwerere m'mbale, ine ndiilandira.

Kutsutsa kwachitatu n'kwa thanzi ndi thumba, ndipo apa ndigwirizana nawo otsutsa pa zambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msuzi wa soya ndi mchere wamadzi: supuni imodzi yaikulu imakhala ndi mchere wopitirira magalamu 2, pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku. M'mabanja mwathu, mmene matenda othamanga magazi achuluka chonchi, wothira msuziwu asathirenso mchere. Timapaketi ta noodles timene ana akudya masiku ano timadzazanso mchere, ndipo kudya timeneti si kuphunzira kaphikidwe ka ku Asia. Abale athu Achisilamu, amene alipo ambiri kuno ku Kwekwe, afunse asanagule, poti zokometsera zina za ku China zimakhala ndi vinyo wa mpunga kapena mafuta a nkhumba, ndipo zolemba zake sitiziwerenga. Mphukira za nsungwi zaziwisi zili ndi poizoni wofanana ndi wa chinangwa chowawa, choncho ziyenera kuwiritsidwa bwino. Botolo lopanda tsiku lothera ntchito lisiyeni pashelefu. Ndipo za mtengo, zoona, zinthu za m'mabotolo n'zodula kwa munthu wa ku Mbizo. Koma sindikuuza aliyense kuti adzaze kabati. Adyo, jinja, anyezi, tsabola ndi mafuta pang'ono zilipo kale pamsika uliwonse, ndipo zimenezi ndizo msana wa kaphikidwe kameneka.

Pali chenjezo lina limene limakhudza ife a m'matauni amigodi makamaka. Masamba ophikidwa mphindi zochepa amafuna madzi aukhondo kuyambira kudimba. Kuno ena amathirira ndiwo ndi madzi a m'mipope yazonyansa yophulika, ndipo timitsinje tina timadutsa kumene okumba golide pawokha amatsukira miyala ndi mercury. Kuwiritsa kwa nthawi yaitali kumapha tizilombo, koma mercury sachoka ndi moto. Amene akufuna kulima zogulitsa ayambe waganiza za madzi, poti wogula wodwala kamodzi sabweranso, ndipo ana athu omwe amadya za m'dimba lomwelo.

Pa kaphikidwe, ndikhulupirira kuti pali choti tiphunzire popanda kutaya chathu. Ife timakonda ndiwo zofewa, zoyenda bwino ndi mbamu ya nsima, ndipo pofuna kufewetsa timathira chidulo kapena soda n'kuwiritsa mpaka masamba atasintha mtundu. Therere ndi chigwada zimafunadi zimenezo, ndipo chigwada chosapsa bwino n'choopsa. Koma tchainizi, mpiru wanthete ndi bonongwe sizifuna nkhondo yotere. Soda ndi kuwiritsa kwa nthawi yaitali zimaononga ena mwa mavitamini a m'masamba, pamene kukazinga msanga pamoto waukali kumasunga ambiri. Kumapulumutsanso nkhuni, makala ndi gasi, chinthu chosapeputsa m'dziko limene magetsi amazima maola ambiri. Chiwaya tili nacho kale, chomwe chija timakazingira tchipisi ndi nyama pamsika. Nawonso ali ndi choti aphunzire kwa ife. Mnyamata wathu uja tsiku lina adatendera pak choi ndi nsinjiro, ndipo akuti wophika wa ku China adapempha kuti amuonetse kasinjidwe kake.

Pak choi amakula msanga, m'masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo amakonda nyengo yozizira ya Meyi mpaka Ogasiti. Kukatentha amathamangira kuchita maluwa. Zitheba zazitali ndi chinkhupule zimakonda dzinja ndipo zimayanga pampanda, osalanda malo a chimanga. Mphukira za mphodza sizifuna n'komwe munda: ndowa yoboola, nsalu yoyera, madzi aukhondo ndi masiku osakwana sabata. Mayi amene ali ndi kadimba ka mapazi khumi angathe kuyesa mzere umodzi osataya kanthu. Akalephera kugulitsa, banja lidya. Koma ndichenjeze kuti asalime chambiri asanapeze wogula, poti phunziro la nandolo la 2017 n'lakuti wodalira msika umodzi wa mlendo amagwa nawo tsiku limene mlendoyo watseka chitseko.

Chotsiriza chikukhudza chinenero chathu, chimene chimatisonkhanitsa ngakhale tili m'maiko osiyana. Makolo athu chinthu chachilendo akachilandira ankachipatsa dzina lokhala bwino pa lilime: kabichi, tanaposi, mabilingano, adyo, tchainizi. Ife tikangoti pak choi, tofu, toor dal, ana athu adzaona ngati Chichewa chimathera pa khomo la sitolo. Azakhali anga adayamba kale ntchitoyi mosadziwa, poti zitheba zija pakhomo pathu tsopano zimatchedwa khobwe wamtali. Ndipempha inu a ku Lusaka, kumene masamba a ku Asia amapezeka m'misika ina, inu a ku Tete ndi a ku Lilongwe, mutiuze maina amene amayi ogulitsa akuzipatsa ndiwo zimenezi kwanuko. Ndipempha makamaka achikulire kuti mutilembere maina a ndiwo zakutchire za kwanu, ndi kaphikidwe kake, tisanafike poti mwana wa Mchewa adzagule denje m'paketi yochokera kunja osadziwa kuti agogo ake ankamuthyola kudambo.

Timapaketi ta mbewu tija ndidabwera nato ku Harare ndidatisiya pawindo, ndipo tidasowa. Mvula yoyamba itagwa ndidapeza azakhali atagwada m'mbali mwa mpanda, akubzala khobwe wamtali mosinthanitsa ndi maungu awo. Nditawafunsa ngati tsopano adzadya, adandiyankha osatukula mutu kuti zitheba adzaziona zikabala, koma masamba ake ndi chitambe basi, ndipo adzawafutsa. Za chinkhupule adati ndisawayese, chimenecho adzasambira mpaka kufa.